Dzina la Bambo Pamwamba pa Pepala

Okondedwa achimwene,

Ndiyambe ndi moni monga anatiphunzitsira bambo, ngakhale nkhani imene ili pakhosi ikufuna kutuluka nthawi yake isanakwane. Muli bwanji kumeneko? Msana uja unaleka kukuvutani, kapena mukunyamulabe zitsulo ngati mnyamata? Alamu anga ali bwanji, nanga ana?

Kuno tili moyo. Ndikudya, ndikugona, makina akulira. Maso okha ndiwo ayamba kundinyenga. Kulowetsa ulusi pa singano masiku ano ndi nkhondo, ndimachita kuitana aliyense wodutsa pakhonde la shopu.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Pa foni inu mumandidula pakamwa, achimwene, musakane. Ndisanamalize n'komwe, mwayamba kale kuweruza mlandu. Pepala lokha simungalidule. Komanso sindikufuna kuti mumve kwa ena, paja kandimverere adakanena za m'maluwa.

Nkhani ndi ya ukwati wa mwana wanu Kabatani. Ukwatiwo ukugwedezeka, ndipo waugwedeza ndine. Khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto, mukalipe mutamva zonse.

Matenda anga mukuwadziwa. Lero ndilemba dzina lake, poti m'nyumba mwathu silinatchulidwepo: ndili ndi khunyu. Bambo ankauza alendo kuti mwanayu amadwala mutu, ndipo tonse tinatengera pomwepo. Sindikukunenani ayi. Ndinu amene munkandibereka kumsana kuchokera kusukulu ndikagwa, anzanu atathawa kuopa thovu. Zimenezo sindiiwala. Koma mawuwo tinawabisa ngati katundu wakuba.

Chiyambire mapiritsi amene ndikumwawa sindinagwepo pagulu. Zimandipeza mwa apo ndi apo, kunyumba, ndipo amadziwa ndi Kabatani yekha. Makasitomala amangondidziwa ngati telala wolongolola amene sachedwetsa zovala.

Mwezi uliwonse ndimapita kuchipatala kukatenga mapiritsiwo. Ife a matenda akugwa tili ndi tsiku lathu ndi benchi yathu, kumapeto kwa khonde, pafupi ndi windo la mankhwala. Benchiyo ndi yaitali, koma kale pankakhala zii ngati pamaliro. Aliyense ankayang'ana zala za kumapazi kwake. Mukakumana mumsika, nonse munkayang'ana kumbali.

Chaka chatha panabwera mayi wina ndi mwana wothyoka mano akutsogolo. Sanathyoke pogwa ayi. Anthu anamukanikiza supuni m'kamwa, ati asameze lilime. Ndinabwerera kushopu mtima ukuwawa, mpaka ndinasokera mkono wa malaya chozondoka.

Tsiku lomwelo ndinatenga pepala n'kulemba zimene ndaphunzira ndi thupi langa ndiponso kwa anesi. Munthu akagwa musamuike kanthu m'kamwa. M'chotseni pafupi ndi moto, m'gonekeni chammbali. Thovu silipatsira munthu matenda. Mapiritsi osawadukiza. Kuti anthu asagone powerenga, ndinawonjezerapo nkhani ya kale ndikuphunzira ntchito, pamene ndinagwa ndikuyeza bambo wina thalauza, ndipo nditatsitsimuka ndinapeza bamboyo atathawa, nsapato atazisiya.

Ndinawaonetsa anesi athu a pa windo. Anakonza mawu pang'ono, anaseka za nsapatozo, n'kuvomera kuti aziika mapepalawo pa windo kuti aliyense azitenga.

Pafupi ndi shopu yanga pali bambo wa makina ojambula mapepala, timangowaitana kuti a Fotokope. Iwo ndiwo anandilembera pa kompyuta. Atamaliza anandifunsa kuti pamwamba alembepo chiyani, poti kanyuzipepala kopanda dzina anthu amangokulungira mtedza. Anati njira ndi ziwiri: dzina langa lenileni, kapena dzina lopeka lokoma m'khutu.

Sindinachedwe kusankha. Dzina langa ndi la bambo, ndi lanu, ndi la Kabatani, komanso linalembedwa ndi penti pamwamba pa chitseko cha shopu. Ndinati alembe kuti Pa Benchi. A Fotokope anajambulapo kabenchi kopotoka mwendo umodzi, monga ilili yathu ija. Ndinaona kuti ndachenjera kwambiri.

Achimwene, kanthuko kanayenda. Mwezi ndi mwezi ndinkalemba, anthu n'kumatenga, ena n'kumakajambulitsa kuti atumizire abale awo akutali. Pa benchi paja anthu anayamba kulankhulana. Ankakangana za wolemba. Ena ankati ndi dokotala, ena ankati ndi mzimayi wophunzira wa m'maofesi. Anamupatsa dzina loti Mayi a Pa Benchi. Ine ndili phee pakati pawo, ndikuseka chamumtima. Ndisaname, zinkandikoma. Ulemu ndinkaudya, manyazi osawalawa.

Pa benchipo ndinazolowerana ndi mtsikana wina woluka tsitsi, mayi wa kamwana kamodzi. Manja ake ndiwo munda wake. Iyeyo ndiye ankawerengera mokweza anthu osatha kuwerenga, ndipo mapepala onse ankawasunga m'chikwama. Mwezi wina sanabwere. Mwezi wotsatira sanabwerenso. Nditafunsa, anesi anandiuza kuti ali m'wodi, wapsa.

Ndinamupeza atagona chagada, dzanja lamanja lili m'bandeji mpaka m'chigongono. Anagwa akuphika, dzanja n'kugwera pa mbaula, m'nyumba muli iye ndi kamwana kokha. Akuti zala zina mwina sizidzapindikanso bwino.

Ndinamufunsa kuti zatheka bwanji, munthu amene sankaphonya mapiritsi. Anati anawasiya. Ndinati wakuuza ndani kuti usiye? Anati Mayi a Pa Benchi.

Anandiuza kuti nditsegule chikwama chake ndione ndekha. Pamwamba pa pepalalo panali kabenchi kathu komweko, mwendo wopotoka womwewo. Theka loyamba anali mawu anga enieni, osasintha ngakhale amodzi. Koma m'munsi munthu anamatapo zake n'kujambulanso. Ati mapiritsi a kuchipatala amangogoneka matenda ndipo amaumitsa ubongo. Ati Mayi a Pa Benchi anachiriratu ndi madzi a m'botolo ogulitsidwa pa siteji ya mabasi. Ati womwa madziwo asiye mapiritsi, chifukwa ziwirizi siziyenderana.

Mtsikanayo sankakwiyira munthu. Ankadziimba mlandu yekha, ati mwina sanamwe mlingo wake, poti Mayi a Pa Benchi sanayambe amunamizapo.

Ndinatuluka m'wodimo osatsanzika bwino, ulendo wa ku siteji. Ndinamupeza mwini mabotolo: bambo wovala jekete yoyera ngati dokotala, tebulo lodzaza mabotolo, mapepala a kabenchi ali mulu, atawapsinja ndi mwala.

Ndinamufunsa kuti wamupatsa ndani chilolezo chonamizira pepala la eni. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi, n'kundifunsa mwaulemu kwambiri kuti kodi mayi ndinu ndani. Anati ndimuonetse pamene palembedwa dzina langa, apepesa pomwepo. Anati Mayi a Pa Benchi amawadziwa bwino, ndi azakhali ake, ndipo mapepalawo amamupatsa okha. Mwamva, achimwene? Muli ndi mwana wina pa siteji amene simunatiuze.

Ndikuseka pano, koma tsikulo sindinaseke. Anthu anayamba kusonkhana, ndipo pakati pawo ndinaona mayi amene ndimamusokera mayunifolomu a ana. Mawu anali pakamwa, ndingonena kuti ndine, ndine ndimalemba, ndine ndimagwa. Sanatuluke. Ndinachoka ngati galu wothiridwa madzi, kumbuyo anthu akuseka.

Ndinayesa njira zina, musaganize kuti ndinangothamangira. Ndinapempha anesi kuti adinde chidindo cha chipatala pa pepala langa. Anati sizingatheke pa pepala losakhala la chipatala, koma azichenjeza anthu pakamwa. Vuto ndi loti mapepala abodzawo akufika kwa anthu amene pa windo safika n'komwe.

A Fotokope anati tisinthe dzina, tipeze lina lokoma, n'kuyamba kutchula za nyali, za nyenyezi ndi za mbalame. Ndinawafunsa kuti limenelo likadzabedwanso tidzatani. Dzina lopeka lili ngati malaya oiwalidwa pa chingwe, aliyense wodutsa angathe kuvala.

Iwo anati nalo dzina lenileni munthu angathe kulijambula. Ndinati inde, koma dzina lenileni lili ndi khomo. Wokayika angabwere kudzagogoda n'kufunsa ngati mawuwo ndi angadi. Ndipo wakuba ndingamutengere kupolisi osachita chibwibwi, poti mwini dzina alipo. A Fotokope anakanda m'mutu n'kundikumbutsa kuti kushopu kwanga kwapachikidwa diresi la ukwati wa Kabatani. Apo m'pamene ndinaona kuti khoswe wakhala pa mkhate.

Ndinabwerera kuwodi ndisanamange mfundo. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi la woluka tsitsi uja n'kumuuza kuti Mayi a Pa Benchi ndine, ndipo za botolozo sindinalembe ine. Anatembenukira kukhoma. Ndinkaganiza kuti anditukwana, ndipo zikanandipepukira. Iye anangoti akanadziwa, akanangondifunsa pa benchi pomwepo, poti tinkakhala moyandikana.

Achimwene, mawu amenewo sananditulukebe m'makutu. Ndinali pambali pake mwezi ndi mwezi, phewa kukhudza phewa, ndipo analibe womufunsa.

Tsopano za mwana wanu. Munandisiyira Kabatani ali kamwana, mayi ake atangotisiya, ndipo wakulira pansi pa tebulo langa lodulira nsalu. Sindinabereke, koma sindinganene kuti ndilibe mwana. Ndikagwa amandigoneka chammbali ndi iye, amandipukuta kukamwa ndi iye, ndipo sanayambe wandinyansidwapo. Ndiye musaganize kuti ndinachita izi chifukwa chosamukonda.

Ndinamuuza tikutsuka mbale kuti ndikufuna kulemba dzina langa lenileni pa pepala lija. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuika mbale pansi pang'onopang'ono. Anandikumbutsa kuti mnyamata wake uja, wamagetsi, sakudziwa kanthu, poti ankadikira nthawi yabwino yomuuzira. Anandikumbutsanso za mayi ake a mnyamatayo, amene anafufuza kale mtundu wathu wonse ngati akugula mbuzi. Anati akangomva za khunyu anena kuti zili m'magazi, ndipo ukwati uthera pomwepo.

Sanandiletse kulemba dzina. Anangopempha kuti ndidikire ukwati udutse. Anandifunsa kuti ngati ndabisa moyo wanga wonse, chikundikanika n'chiyani kubisanso miyezi yochepa chifukwa cha iye.

Funso limenelo linandilasa, chifukwa linali lachilungamo. Ndinamuyankha kuti wa mabotolo sadikira ukwati. Mlungu womwewo bambo wina wa pa benchi, woyendetsa ngolo ya katundu mumsika, anali atandionetsa botolo lake monyadira, ati akangomaliza mapiritsi a mwezi uno sabweranso kuchipatala. Ndinamuuza Kabatani kuti sindingasoke diresi loyera ndikudziwa kuti munthu wina akukagwera pansi pa galimoto ndi mawu anga m'thumba.

Analira. Inenso ndinalira. Anati ndasankha anthu a pa benchi kusiya iye. Ndinati mphuno imodzi silowa zala ziwiri, ndipo ukwati ukagwedezeka ungathe kuimanso, koma dzanja lopsa silibwerera. Mwina ndinayankha mouma. Mukundidziwa pakamwa panga. M'mawa mwake analongedza zovala pang'ono n'kupita kukakhala kwa mnzake wa kuntchito. Ali bwino, ndimafunsa. Koma foni yanga sakuyankha.

Ndinapitabe kwa a Fotokope. Ndinati achotse kabenchi, achotse dzina lopeka. Pamwamba alembe kuti Kalata ya, kenako dzina langa lonse, loyamba ndi la bambo, ndi zilembo zikuluzikulu. Pansi pake alembe kuti telala, wodwala khunyu, ndi njira yofikira kushopu. Anandifunsa kawiri konse ngati ndatsimikiza. Ndinati akafunsanso ndipita kwa wina.

Makina atayamba kulavula mapepala, ndinatola loyamba lili lofunda. Ndinaona dzina la bambo litagundizana ndi mawu aja amene iwo sanawatchulepo mpaka kumanda. Ndinakhala pa katoni ya mapepala. Koma manyazi amene ndinkayembekezera sanabwere. Ndinangomva ngati ndatula mtolo umene ndinaiwala kuti ndasenza.

M'kalatamo ndinalemba mosapita m'mbali. Ndinati Pa Benchi ndinali ine, ndipo dzinalo lafa lero. Pepala lililonse la kabenchi limene mungalione kuyambira pano si langa. Ine sindinachire, ndikumwabe mapiritsi, ndipo ndidzamwa mpaka adokotala atanena zina. Wokayika abwere kushopu adzandione ndi maso.

Tsiku lathu la kuchipatala litafika sindinawapatse anesi mapepala aja. Ndinaimirira ndekha kutsogolo kwa benchi n'kugawa ndi manja anga. Kenako mayi wina wachikulire anati zamukhumudwitsa, iye ankayesa Mayi a Pa Benchi ndi munthu wa magalasi ndi nsapato zazitali, osati uyu wa ulusi mbwee pa siketi. Benchi yonse inafa nacho chiseko. Wa ngolo uja sanaseke. Anandifunsa maso ndi maso ngati n'zoona kuti botolo sindinamwepo. Ndinati sindinamwepo. Atamva, anakalowa pa mzere wa pa windo.

Sindikunamizani kuti ndapambana. Wa mabotolo akadali pa siteji, akugulitsabe. Koma mapepala a kabenchi anawachotsa pa tebulo, ndipo pafupifupi tsiku lililonse pamabwera munthu kushopu, pepala lili m'manja, kudzafunsa ngati ili ndi langa. Ena amachokera kutali. Amakhala pa mpando wa makasitomala, ine ndikupalasa makina, tikukambirana.

Walira mvula walira matope. Nkhani inali m'kamwam'kamwa msika wonse tsiku lisanathe. Mayi wa mayunifolomu uja anatumiza munthu kudzatenga nsalu zake zosadula. Wogulitsa tiyi wa pakona tsopano amandithirira m'kapu yangayanga, imene amaisunga payokha. Ndinamuthokoza, ndinati sindinakhalepo ndi kapu yapadera chibadwire. Ena sanasinthe n'komwe, ndipo mmodzi anandinong'oneza kuti mchemwali wake nayenso amagwa.

Kenako anabwera mayi ake a mnyamata. Ndinali nditawayeza kale chovala cha tsiku la ukwati, nsalu yawo ili pa shelefu. Anaima pakhomo, kulowa ayi. Ndinawapatsa mpando, anakana. Pepala langa linali m'manja mwawo, atalipinda kangapo.

Anandifunsa ngati dzina limeneli ndi langadi. Ndinati ndi langa. Anafunsa kuti n'chifukwa chiyani banja lathu linawabisira. Ndinati tinkaopa zimene akuchitazi. Anafunsa ngati zili m'magazi. Ndinawauza zimene adokotala anandiuza, kuti zanga zikuoneka kuti zinayamba ndi malungo aakulu aja ndili mwana, ndipo mwa abale athu palibe wina amene amagwa. Koma ndinati za mawa sindingalumbire, poti palibe banja limene lingalumbire za ana osabadwa.

Anati mawu a ine sangawakhulupirire, afuna amve kwa bambo ake a mtsikana. Anapempha nambala yanu, ndipo ndinawapatsa. Anatenganso nsalu yawo, anachita kundiuza kuti ndiike pa mpando, kuopa kulandira m'manja mwanga. Ndinaika. Kupsa mtima ndinapsa, koma ndinameza chifukwa cha Kabatani.

Dzana kunabwera mnyamata mwini wake, ali m'ovolosi, mawaya akulendewera m'thumba. Ndinathamanga kuphimba diresi ndi nsalu kuti asalione. Iye analowa, anakhala pansi, n'kupempha madzi akumwa. Ndinamupatsa m'kapu yanga dala. Anamwa onse.

Sanabise kuti zamupweteka. Anati chimene chikumuwawa si matenda, koma kuti Kabatani anamuyesa munthu wothawa, ndipo wamva nkhani ya banja lake la mawa kuchokera pa pepala la mumsika. Anati mayi ake avuta kwambiri, ndipo iye sakudziwa kuti zitha bwanji, poti kukwatira mayi ake atakana n'kovuta. Sindinamunyengerere. Ndinati zimenezo akambirane awiri.

Ndinkadikira kuti afunse za magazi ngati mayi ake. Sanafunse. Anangoti iye kuwerenga wawerenga, koma ndi munthu wa manja, amamva bwino akaona. Anati ngati tsiku lina ine nditagwa ali pafupi, kapena mwana wawo atadzabadwa nazo, akufuna adziwe pogwira.

Achimwene, ndinatsitsa mpukutu wa nsalu pa shelefu n'kuugoneka pansi. Ndinati uyu ndi munthu, wagwa, yamba. Mnyamata wamkulu ndi ndevu zake anagwada pa simenti, anakankhira simbi yotentha kutali, anapinda jekete yake n'kuika kumutu kwa mpukutu, n'kuutembenuza chammbali mosamala ngati khanda. Anafunsa kuti akatero azitani. Ndinati udikire, usachoke, akatsegula maso aone nkhope yoti akuidziwa. Anagwedeza mutu, akadali chogwada. Ndinayang'ana kukhoma kuti asaone misozi yanga.

Sindikunena kuti ukwati wapulumuka. Sindikudziwa. Mayi aja akadali olimba, Kabatani akadali kwa mnzake, ndipo diresi ndaleka kulisoka chifukwa m'munsi simungapindidwe mwini wake asanaimemo. Zatsala kwa inu.

Foni yanu ilira masiku omwewa, ngati siinalire kale. Ndikukudziwani, achimwene. Mufuna kukonza zinthu. Mudzafuna kunena kuti mlongo wanuyu amakokomeza, kuti ndi kamutu chabe, kuti analemba pofuna kuthandiza anzake. Mudzatero chifukwa chokonda mwana wanu. Chonde musatero. Mayiwo pepala ali nalo m'manja. Mukakana, adzati banja lonse ndi labodza, ndipo pamenepo ngakhale mnyamata uja sadzakhalanso ndi poimira.

Ngati mukufuna kundikalipira, ndikalipireni ine. Imbani, ndikhala chete mpaka mumalize, ngakhale mukudziwa kuti kwa ine imeneyo ndi ntchito yaikulu. Dzinali ndi lanunso, ndipo ndinalitenga osakupemphani. Pa chimenecho ndikupepesa. Koma kulichotsa pa pepala sindichotsa, kaya mukwiye, kaya ukwati uthe. Ndikalichotsa, mawa kabenchi kabwerera pa tebulo la mabotolo.

Muimbireninso Kabatani. Musamuuze kuti andikhululukire, zimenezo zidzabwera zokha kapena sizibwera. Mungomuuza kuti bambo ake sakuchita manyazi, kuti nayenso aleke kuyenda chowerama. Kiyi wake wa kunyumba anapita naye, ndipo loko sindinasinthe.

Pempho langa lalikulu ndi limodzi. Sindinakupempheni kanthu chichokereni, ngakhale singano. Mayi aja akaimba n'kufunsa za ine, musazungulire. Muwauze ndi pakamwa panu kuti inde, mlongo wanga ali ndi khunyu, ndipo ndi amene anandilerera mwana amene mukumufunayo. Mukatero mutseke pakamwa, muwasiye aganize okha.

Mulungu akusungeni pa ntchito yanu yolemetsayo, akupatseni mphamvu ndi mtima wodekha powerenga izi. Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti ndimawakumbuka. Ana onse muwapsompsone m'malo mwanga, ndipo akafunsa kuti azakhali amadwala chiyani, muwauze.

Ndine mlongo wanu,
wa bambo mmodzi ndi dzina limodzi,
Atelala